KODI PHWANDO LOPANDA MOWA NDI PHWANDO?

Kumadzulo kwa boma la Rumphi, munthu akapitirira Bolero, afika ku Mwazisi, dziko la Atumbuka loyandikana ndi nkhalango ya nyama ya Vwaza. Anthu a kumeneko ndi alimi a fodya, chimanga ndi mtedza. Monga m'midzi ina yonse ya dziko lathu, chaka chawo chili ndi masiku ake osangalala: Khrisimasi, Chaka Chatsopano, Pasaka, tsiku la ufulu pa 6 Julayi, maukwati a m'chilimwe, ndiponso mwambo wa Gonapamuhanya umene uchitika ku Bolero pokumbukira ufumu wa Chikulamayembe. Tsiku lotere likayandikira, m'nyumba zambiri mubuka nkhani imene ioneka yaing'ono, koma ikhoza kugoneka banja chofulatirana. Mwamuna ati, "Kodi alendo athu adzamwa chiyani?" Mkazi ati, "Nanga ana athu adzadya chiyani mwezi wamawa?"

Onse awiri afunsa bwino. Mwamunayo aopa manyazi, pakuti kwathu kuno munthu womana alendo sawerengedwa munthu. Mkaziyo aopa njala, pakuti ndiye adziwa pamene chimanga chalekezera m'nkhokwe. Tsono inu awerengi, tiyeni tiganizire pamodzi funso limene lili pansi pa mafunso awo: kodi munthu achimwira alendo ake akawaitana ku phwando lopanda mowa? Kapena kodi achimwira ena akawaikira mowawo?

MOWA WA MAKOLO

Tisayambe ndi kunyoza makolo athu. Iwo anali kumwa mowa, ndipo sanali anthu opusa. Munthu akafuna kuti anzake amthandize kulima munda waukulu, anali kufulula mowa wa dima. Mlandu ukatha pabwalo, anthu awiri odana anali kumwera chikho chimodzi, ndipo mudzi wonse unali kudziwa kuti chidani chatha. Popereka nsembe kwa mizimu, pothokoza mfumu, pomaliza maliro, mowa unalipo. Iye amene anena kuti mowa sunachitepo ntchito yabwino m'mudzi sadziwa mbiri ya mudzi wake.

Koma tiyeni tiyang'ane bwino mowa umenewo. Poyamba amayi anali kunyika mawere m'madzi, amene Atumbuka awatcha lipoko, kufikira atamera. Anali kuyanika chimeracho, nachisinja. Pambuyo pake anaphika phala m'mitsuko ikuluikulu, nathiramo chimera, nadikira masiku kuti usase. Kuyambira ponyika mawere kufikira tsiku lakumwa panali kupita masiku ambiri, ndi nkhuni zambiri, ndi madzi ambiri osenza pamutu. Chotero munthu sanali kungodzuka m'mawa ndi kuti, "Lero ndiledzera." Mowa utapsa sunali kusungika, ukagona masiku owerengeka unali kuwawasa, nutayika. Anthu anali kuumwera poyera, pamaso pa akulu, chikho chikuyenda kuchokera kwa wamkulu kutsikira kwa wamng'ono. Ana sanali kukhala pabwalo limenelo. Ndipo mitsuko ikauma, mowa watha. Panalibe sitolo yokagulako wina.

Taonani tsono kuti malire a mowa wa makolo anali mumtsuko momwemo. Sikuti anthu akale onse anali odziletsa kuposa ife. Oledzera analipo, ndi ndewu za pamowa zinalipo. Koma mowawo unali ndi nyengo yake, unali ndi mwini wake, unali ndi mathero ake.

Mowa wa lero uli wotani? Kachasu, amene dzina lake lomwe linachokera ku chilankhulo cha Apwitikizi, atchezedwa ndi madeya ndi shuga, ndipo ukali wake uposa wa masese kutalitali. Iye sawawasa, akhoza kukhala m'botolo chaka chonse kudikira mwini wake. Mowa wa m'mabotolo unayamba kufululidwa mochuluka m'dziko muno pamene kampani ya Carlsberg inatsegula fakitale yake ku Blantyre m'chaka cha 1968. Zaka zambiri zitapita kunadza mowa waukali wa m'timapepala ta pulasitiki, wotsika mtengo kotero kuti mwana wa sukulu anakhoza kuugula ndi ndalama ya zitumbuwa, naubisa m'thumba la kabudula. Dziko la Zambia linauletsa m'chaka cha 2012, ndipo boma la Malawi linauletsa m'chaka cha 2015. Mowa wotere ulibe nyengo. Ugulidwa m'mawa, ugulidwa usiku, ugulidwa ndi pangongole. Munthu aumwa yekha kuseri kwa golosale, popanda wamkulu womuyang'ana.

Chifukwa chake munthu akaima pa Khrisimasi ndi botolo la kachasu m'manja nati, "Uwu ndi mwambo wa makolo athu," ine nditi iye wabwereka dzina la makolo kuti aphimbire chinthu chimene makolowo sanachidziwe.

NDANI ALIPIRA CHIMWEMWE?

Khrisimasi inadza kwa ife kuchokera ku maiko amene mwezi wa Disembala uli nyengo yachisanu, ntchito za kumunda zitatha. Kwathu kuno si tero ayi. Ku Mwazisi Disembala ndi mwezi wa khasu. Mvula yagwa, udzu uli kupikisana ndi chimanga, fodya wawokeredwa kumene ndipo afuna feteleza pa nthawi yake. Ndalama za fodya zimene mlimi analandira atagulitsa mabelo ake ku msika wa ku Mzuzu m'miyezi ya chilimwe zatha kale kapena zili pafupi kutha. M'nkhokwe chimanga chili kutsika, ndipo chatsopano sichidzadyedwa kufikira miyezi itatu itapita. Januwale akangolowa, sukulu zitsegulidwa, ndipo mwana wa ku sekondale afuna zake. Masiku aakulu awiri a chisangalalo, 25 Disembala ndi 1 Januwale, aima pakhomo penipeni pa miyezi ya njala.

Tsono ngati bambo agulitsa ndowa ya chimanga kuti agulire anzake mowa, ndani walipira? Iye aganiza kuti walipira yekha. Koma chimangacho chinali nsima ya mwezi wa Febuluwale. Amene adzagona ndi njala mwezi umenewo ndiye walipira, ndipo ameneyo ndi mwana amene sanalawe mowawo, sanaitanidwe, sanafunsidwe. Ngati bambo agona masiku awiri mutu uli kuwawa pamene munda ufuna kupalira, amene adzagwira khasu lake pamodzi ndi la mwamuna wake ndiye walipira. Apa ndi pamene pagona nkhani yonse, monga ine ndiionera. Kusangalala si tchimo. Munthu wolima chaka chonse ayenera kukhala nalo tsiku lopuma, lodya bwino, lovina. Koma chimwemwe chimene ngongole yake itumizidwa kwa munthu wina amene sanakhale nawo paphwando, chimenecho chili ndi mlandu.

Wina adzati, "Ndalama ndi zanga, mmero ndi wanga, ndani andiletse?" Mau awa akadakhala oona munthu akadakhala yekha m'tchire. Koma mowa sukhala pammero. Ulowa m'magazi, ufika ku ubongo, ndipo chinthu choyamba chimene ugonetsa ndi nzeru ija imene iuza munthu kuti, "Basi, wakwana." Ndicho chifukwa chake munthu amene anachoka kunyumba atalonjeza kumwa chikho chimodzi abwera m'bandakucha, sananame pamene analonjeza, koma wolonjezayo anagonetsedwa ndi chikho choyamba. Chiwindi ndicho chichotsa mowa m'thupi, ndipo chichita ntchitoyo pang'onopang'ono. Kusamba madzi ozizira sikuchifulumiza, tiyi wamphamvu sachifulumiza. Mnyamata wa njinga yamoto amene wamwa madzulo, nanyamula mayi ndi mwana pa msewu woterera wa m'dzinja, ali nawobe mowa m'magazi ngakhale anena kuti ali bwino. Mmero ndi wake, inde. Koma miyendo imene idzathyoka si yake yokha. Ndipo mayi woyembekezera akamwa, mwana wa m'mimba amwa naye, ndipo akhoza kubadwa wolumala nzeru moyo wake wonse.

Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO linawerenga kuti m'chaka cha 2019 anthu okwana 2.6 miliyoni anafa chifukwa cha mowa. Nambala yotere ndi yaikulu kotero kuti mtima suimva. Koma mfumu iliyonse ya mudzi idziwa milandu imene ifika pabwalo lake sabata yotsata Chaka Chatsopano, ndipo namwino aliyense wa pa chipatala chaching'ono adziwa mabala amene amanga usiku wa Khrisimasi.

Pano ndiyenera kuchita chilungamo. Alipo anthu ambiri amene amwa chikho chawo mwaulemu, nabwerera kwawo dzuwa lisanalowe, osatukwana munthu. Akhristu ena adzatikumbutsanso kuti pa ukwati wa ku Kana panali vinyo, ndipo mipingo ina siletsa kumwa koma kuledzera. Sindinena kuti aliyense wolawa mowa ndi woipa. Koma funso lathu silili pa munthu mmodzi m'nyumba mwake. Lili pa mwini phwando, amene waitana mudzi wonse. Pakati pa alendo ake pali mkulu wodziletsa uja, koma palinso mnyamata wa zaka 15 amene ayang'ana zimene amalume ake achita. Pali mayi woyembekezera. Pali bambo amene analimbana ndi mowa zaka zambiri, nausiya miyezi isanu ndi umodzi yapitayo. Ife tidziwa kuti paphwando kukana chikho n'kovuta. Anzako akuseka, nati wadzikuza, kapena ati mkazi wako anakudyetsa mankhwala. Mwini phwando sakhoza kuyeza mlendo aliyense kuti ampatse monga mwa mphamvu yake. Aika mtsuko umodzi pakati pa amphamvu ndi ofooka. Pomanga mlatho anthu saganizira mnyamata wodziwa kulumpha. Aganizira nkhalamba ndi mwana. Phwando la mudzi wonse liyenera kukonzedwa motero.

ZIMENE MBIRI ITIPHUNZITSA

Nkhani iyi si yatsopano m'boma la Rumphi. M'chaka cha 1894 Dr Robert Laws anasamutsira likulu la mishoni ya Livingstonia ku Khondowe, pamwamba pa mapiri oyang'ana ku nyanja, m'boma lomweli. Mpingo umene unakula kuchokera kumeneko unalamula kuti mkhristu wake asafulule mowa ndiponso asamwe, ndipo Sinodi ya Livingstonia ya mpingo wa CCAP igwirabe chiphunzitso chimenecho. Chotero ku Nkhamanga kuli mabanja amene achita maukwati ndi Khrisimasi popanda mowa kuyambira nthawi ya agogo a agogo awo, ndipo palibe anganene kuti ana awo sanakwatiwe bwino.

Koma pali mbusa wina wa mishoni yomweyo amene nzeru yake itithandiza koposa. Ndiye Donald Fraser, amene anagwira ntchito pakati pa Angoni ku Ekwendeni, ku Hora ndi ku Embangweni. M'chaka cha 1898 iye anaitanitsa msonkhano waukulu ku Ekwendeni, ndipo kunasonkhana anthu zikwi zingapo, nagona m'misasa masiku angapo. Anthu amenewo sanaitanidwe ndi mowa. Fraser anazindikira kuti anthu akonda kusonkhana, kuimba ndi kuonana ndi abale a kutali, ndi kuti sungachotse chinthu m'manja mwa munthu ndi kumsiya manja ali lende. Analimbikitsa akhristu kupeka nyimbo zawozawo pa maimbidwe a Chingoni, nachititsa mipikisano ya nyimbo. Mwa opeka nyimbo a nthawi imeneyo munali Mawelera Tembo ndi Peter Thole, ndipo nyimbo za mtundu umenewo ziimbidwabe m'matchalitchi a kumpoto. Mudzi wofuna chikondwerero chopanda mowa uphunzire apa: chotsani mtsuko, koma pamalo pake pasakhale mbee.

Lamulo lokha silikwanira, ndipo apa ndisiyana pang'ono ndi abale ena achangu. Dziko la America linaletsa kufulula ndi kugulitsa mowa kuyambira 1920 kufikira 1933. Anthu sanaleke kumwa; anamwera mobisa, zigawenga zinalemera pogulitsa mowa wakuba, ndipo potsiriza lamulolo linafafanizidwa. Kwathu kuno timapepala tija titaletsedwa, mowa womwewo unabwerera m'timabotolo tating'ono. Ndipo m'mipingo yoletsa mowa tidziwa tonse kuti muli ena amene aimba bwino Lamulungu m'mawa, namwera kuseri madzulo. Boma linakhazikitsa ndondomeko ya dziko yokhudza mowa m'chaka cha 2017, ndipo lamulo liletsa kugulitsa mowa kwa mwana wosafika zaka 18. Zimenezi n'zabwino, ndipo mafumu ndi makolo ayenera kuzigwiritsa ntchito. Koma wapolisi sangakhale pa ukwati uliwonse. Lamulo likhoza kutseka chitseko cha malo omwera. Silikhoza kuphika phwando.

Abale athu Asilamu atisonyeza chaka ndi chaka kuti chinthuchi n'chotheka. Atatha mwezi wa Ramadan achita chikondwerero cha Eid: avala zatsopano, aphika mpunga ndi nyama, ayenderana, napatsa osauka, ndipo mowa palibe. Kodi alipo amene anaona nkhope zawo tsiku limenelo nati anthuwa sali kusangalala? A mpingo wa Seventh Day Adventist nawonso asonkhana m'misasa masiku ambiri popanda dontho.

MTSUKO WOMWEWO

Tibwerere kwa bambo uja woopa manyazi. Mantha ake ndi oona, ndipo sitiyenera kumseka. Mlendo ayenera kulandiridwa ndi chikho. Manja a mwini nyumba asatambasulidwe opanda kanthu. Koma makolo omwe aja anatisiyira chikho china. Thobwa, limene Atumbuka alitcha chindongwa, lichokera mumtsuko womwewo, ku chimera chomwecho, m'manja mwa amayi omwewo. Kusiyana kwake ndi masiku okha: thobwa limwedwa lisanasase. Likhutitsa wolima, lipatsa mphamvu mayi woyamwitsa, ndipo agogo ndi mdzukulu amwera chikho chimodzi. Amene aika thobwa labwino pamaso pa alendo sanataye mwambo. Watenga mwambo pa tsiku lake loyamba. Chenjezo ndi limodzi: wophika awerenge masiku bwino, pakuti thobwa losungidwa nthawi yaitali nyengo yotentha lisanduka lokha chinthu chija tinachikana.

Ndalama imene ikadagula mowa wa amuna khumi ikhoza kugula nyama yoti nyumba yonse idye. Ichi n'chinthu chimene ana achikumbukira. Funsani munthu wamkulu aliyense za Khrisimasi ya ubwana wake: adzakuuzani za mpunga, za nkhuku, za buledi ndi tiyi wamkaka, za malaya atsopano. Ngati akumbukira mowa, akumbukira mantha a usiku umene bambo anabwera akufuula.

Nanga kuvina? Ena ati munthu savina bwino asanamwe. Apite akaone malipenga, gule wa kumpoto amene anayamba potsanzira perete wa asilikali. Amuna avala zoyera zosita bwino, aima m'mizere, naponya mwendo pamodzi monga munthu mmodzi. Woledzera sangakhale mumzere umenewo. Aphonya phazi, nachititsa manyazi gulu lonse pamaso pa gulu la mudzi wina. Chimodzimodzi amayi a chiwoda, anyamata a mpira, ndi makwaya opikisana. Zinthu zonse zimene anthu ayenda mtunda wautali kuti akaone pa tsiku la chikondwerero zifuna mutu wabwino. Ngakhale pa mwambo wa Gonapamuhanya, chimene anthu apitira ndicho kumva mbiri ya Mlowoka, amene anaoloka nyanja nadza ku Nkhamanga ndi malonda a nsalu ndi makasu, ndi kuona mafumu ndi magule. Mbiri yotere ilowa m'khutu la munthu wosamwa. Woledzera abwerako ndi fumbi lokha.

Pali munthu mmodzi amene sitiyenera kumuiwala, ndiye mayi wofulula. M'midzi yambiri ameneyu ndi wamasiye, kapena wosiyidwa ndi mwamuna, ndipo mowa ndiwo ulipira sukulu ya ana ake. N'kosavuta kuima pa guwa kapena pa bwalo ndi kumdzudzula, koma wodzudzulayo sadzamgulira sopo. Ngati mudzi ugwirizana kuti chikondwerero chake chikhale chopanda mowa, ugwirizanenso kuti thobwa la tsikulo, zitumbuwa ndi mandasi zigulidwe kwa amayi omwewo, pa mtengo wabwino, ndalama zake zoperekeratu. Iwo ndiwo adziwa chimera kuposa wina aliyense. Kupanda kutero, tidzakhala tachita chinthu chija tinachitsutsa poyamba: kutumiza ngongole ya ubwino wathu kwa munthu wosauka.

Ndipo chinthuchi chisachitike mwadzidzidzi. Mwini ukwati anene poitana kuti kudzakhala thobwa ndi nyama, mowa ayi, kuti wobwera adziwiretu. Ayambe wauza amalume ndi azakhali a mbali zonse ziwiri, pakuti iwo akavomera palibe mnyamata adzatsutsa. Mutu umodzi susenza denga. Nyumba imodzi yokana mowa itchedwa youmira, koma nyumba zisanu zikachita pamodzi, chaka chachitatu anthu adzayesa kuti ndiwo mwambo wa mudziwo. Phwando liyambe m'mawa, chakudya chituluke msanga, magule atsate, ndipo anthu abalalike dzuwa likadalipo, pakuti zoipa zambiri za pachikondwerero zichitika mdima utagwa.

Ena sadzabwera, ndipo mwini phwando adziwiretu zimenezo. Enanso adzabwera ndi kabotolo kawo m'thumba la jekete, nazemba pang'ono kupita kuseri kwa chigafa cha fodya. Musawathamangitse ndi mwano pamaso pa anthu. Mkulu mmodzi wa pabanja apatsidwe ntchito yowayang'anira. Akaona wina wayamba kukweza mau, amtengere pambali, ampatse nsima, ndipo ngati anadza pa njinga yamoto, makiyi ake asungidwe m'nyumba kufikira m'mawa.